ALICK NKHATA (1922–1978): WOIMBA WA PA WAILESI YA LUSAKA

Caka ndi caka, pa Loweruka lomariza la mwezi wa Ogasiti, timasonkhana pano pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mafumu a ku Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique amafika ndi anthu ao, napereka mitulo, nafotokoza za umoyo wa anthu amene anaikizidwa m'manja mwao. M'timabuku ta cikumbutso ngati kano mwazolowera kuwerenga za mafumu, za maulendo a makolo athu, za ku Mankhamba ndi ku Mano. Caka cino tapatula masamba owerengeka kuti tikumbukire munthu amene sanakhalepo pa mpando wa ufumu, amene sanapondepo pa bwalo lino pa tsiku la Kulamba, ndiponso amene sanali Mcewa. Munthuyo ndi malemu Bambo Alick Nkhata, woimba ndi woulutsa mau pa wailesi.

Tidziwa kuti ena mwa inu, alendo athu olemekezeka, mufunsa kuti kodi Acewa asowa oimba aoao kuti akatamande mwana wa eni ake. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo sitilizemba. A Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Amai ao anali Mbemba, atate ao anali Mtonga wocokera ku Nyasaland. Pa mwambo wa Abemba, monganso pa mwambo wathu, mwana ndi wa kucikazi, motero sitingawalande kwa eni mbumba. Koma makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye. Munthu ameneyu anaimba m'cinenero cathu, anatola nyimbo za kuno kummawa nazimveketsa kutali, ndipo anatumikira abale athu amene anali pa ulendo m'maiko a eni pa nthawi imene panalibe wina wowakumbutsa za kwao. Dzina lao lenilenilo likutithandiza kunena cimene tifuna kunena. Nkhata ndi kanthu kamene mai amaika pamutu asanasenze mtsuko. Anthu amayamikira madzi, ena amayamikira mtsuko, koma nkhata saiona, cikhalirenico ndiyo imene yalola kuti katundu afike kumudzi.

NKHONDO NDI MAKINA OJAMBULA MAU

Monga anyamata ambiri a msinkhu wao, a Nkhata anatengedwa pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, nakafika mpaka ku Burma. Akuluakulu a ku Katete, ku Chadiza ndi ku Chipata, kumene masiku amenewo kunali kuchedwa Fort Jameson, akumbukira kuti midzi yathunso inapereka ana ake ku nkhondo imeneyo. Amene anabwerako amoyo anabwera ataona maiko, atamva maimbidwe a mitundu ina, ndipo ena anabwera atazolowera gitala.

Nkhondo itatha, a Nkhata anagwira nchito ndi Hugh Tracey, Mzungu wokhala ku South Africa amene anathera moyo wake pa kujambula nyimbo za anthu akuda. Tracey anali kuyenda ndi galimoto lodzala ndi makina, nafika pamudzi, napempha cilolezo kwa mfumu, nasonkhanitsa oimba. Cinali cizolowezi cake kugwira maikolofoni m'manja ndi kumaisendeza kwa wotsogolera nyimbo, kwa ng'oma, kwa olandira, monga mwa mmene nyimboyo inali kuyendera. Akatha anali kuwaliziranso anthu zimene aimba, kuti adzimve okha. Taganizirani nkhalamba ya kalimba imene inali isanamvepo liu lake likucokera kunja kwa cifuwa cake. Pa maulendo otere ndi pamene a Nkhata anaphunzira kuti nyimbo ya kumudzi ndi cuma cimene cingasungidwe, ndi kuti mtundu uliwonse uli ndi kaimbidwe kake kamene kafunika khutu lodekha. Phunziro limeneli sanalitaye mpaka imfa.

WAILESI YA SEFULIYA

Kuti timvetse kukula kwa nchito yao tiyenera kuyamba taona mmene zinthu zinalili m'midzi mwathu. Boma la atsamunda linali kufuna msonkho wa ndalama, ndipo ndalama kumudzi kunalibe. Amuna anali kunyamuka, ena pansi, ena pa magalimoto a olemba anthu nchito, kupita ku mapulazi a fodya a ku Southern Rhodesia, ku malasha a ku Wankie, ku migodi ya ku Copperbelt, ena mpaka ku Joni. Ambiri anali kubwerako patapita zaka ziwiri kapena zitatu ndi njinga, bulangete ndi nsalu za akazi ao. Ena sanabwerenso, ndiwo amene timawachula kuti macona. Kalata inali kutenga milungu, ndipo pofika inafunikanso mwana wa sukulu woti aiwerenge pamaso pa anthu, zinsinsi za banja ndi kumamveka pabwalo.

Wailesi ya ku Lusaka inayamba m'caka ca 1941. Tisanamizane, boma silinaimange cifukwa cokonda nyimbo zathu. Linafuna njira yofalitsira nkhani za nkhondo kwa mabanja a asilikali ndi yoongolera maganizo a anthu akuda. Nkhondo itatha, mkulu woona za kufalitsa nkhani, Harry Franklin, anaikulitsa kuti izitumikira anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo inachedwa Central African Broadcasting Station. Inali kulankhula Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingelezi. Bvuto linali lakuti mawailesi a masiku amenewo anali a mtengo wapatali ndipo ambiri anafuna magetsi. Franklin anayendayenda kwa opanga zinthu ku Britain mpaka kampani ya Ever Ready inabvomera kupanga kawailesi kochipa koyendera batire. Thupi lake linali longa sefuliya yopanda cogwirira, ndipo cifukwa ca ico kanachuka ndi dzina lakuti Saucepan Special. Kanafika kuno m'caka ca 1949. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake masheleni 25. Kanali kopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo, akuti cifukwa Azunguwo atafufuza anapeza kuti palibe mtundu wa anthu umene unali ndi zoopa pa utoto umenewo. Mapaundi asanu sanali ndalama yocepa, komabe mphunzitsi, kalaliki, mesenjala kapena munthu wobwera kumigodi anali kukwanitsa, ndipo wailesi imodzi inali kumvedwa ndi mudzi wonse.

A Nkhata analowa nchito pa wailesi imeneyi ca m'ma 1950, monga woulutsa mau, womasulira ndiponso woyang'anira za nyimbo. Pulogalamu imene anthu anaikonda kuposa zonse inali ndi dzina la m'cinenero cathu, Zimene Mwatifunsa. Munthu anali kulemba kalata ku Lusaka, nachula nyimbo imene afuna, napereka moni kwa abale ake. Mnyamata wa ku Mufulira anali kulonjera amai ake kwa Kawaza, wa ku Salisbury nalonjera mkazi wake kwa Mbang'ombe, ndipo mudzi unali kudziwa kuti uje akali moyo. Ife a lero, amene tili ndi foni m'thumba, sitingamve msanga kulemera kwa moni wotere. Kwa nkhalamba imene mwana wake anapita zaka zisanu zapitazo, kumva dzina lake likuchulidwa m'kasefuliya kuja kunali ngati kumuona akulowa pa mpata.

Pali cinthu cina cimene ife Acewa tiyenera kucisunga. Kulamba kunaletsedwa ndi atsamunda m'caka ca 1934, ndipo malire amene Angelezi ndi Apwitikizi analemba anagawa anthu a Kalonga patatu. Kwa zaka 50 mafumu sanathe kusonkhana monga tasonkhanira lero. Koma mafunde a wailesi safunsidwa citupa pa malire. M'zaka zimenezo munthu wa ku Kasungu, wa ku Katete ndi wa ku Highfield mu Salisbury anali kuchera khutu pa ora limodzi, namva cinenero cimodzi ndi nyimbo imodzi. Sitinena kuti wailesi inalowa m'malo mwa Kulamba, ai. Tinena kuti inathandiza kuti anthu ogawidwa asaiwale kuti amamvana.

MAIMBIDWE AO

Nchito ya a Nkhata pa nyimbo inali ya mbali ziwiri. Mbali yoyamba inali yotola. Anchito a wailesi anali kuyenda m'maboma ndi galimoto la makina, kujambula nyimbo za pamtondo, za pamaliro, za pamowa, za alenje ndi za ovina, kotero kuti nyumba ya wailesi ya Lusaka inadzakhala nkhokwe yaikulu ya nyimbo za mitundu ya kuno. Mbali yaciwiri inali yophika. A Nkhata anali kutenga nyimbo ya kumudzi, naiyala pa gitala, naigawira mau a amuna atatu kapena anai olandizana mokoma, kuti ikwane pa mbale ya galamafoni ya mphindi zitatu. Anayamba ndi kagulu ka anthu anai kodziwika ndi dzina lao, ndipo pambuyo pace panabadwa Lusaka Radio Band, imene inadzasanduka Big Gold Six Band.

Anaimba kwambiri m'Cibemba, cinenero ca amai ao, komanso m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za dziko lino. Ife a kummawa timakumbukira makamaka Kalindawalo ni Mfumu, nyimbo ya abale athu Ansenga a ku Petauke, imene inachukitsa dzina la mfumu yao kwa anthu amene sanaolokepo Luangwa. Zina mwa nyimbo zao zodziwika ndi Shalapo, Imbote ndi Taxi Driver. Maina okhawo akuonetsa kumene maso ao anali kuyang'ana: kutsazikana kwa a paulendo, mowa wa uci, ndi moyo watsopano wa m'tauni.

Nyimbo zao zambiri zinali zolangiza, koma zolangiza moseketsa. Anali kuimba za mnyamata wofika m'tauni ndi kuiwala kwao, za ndalama zothera m'mowa, za maukwati osalimba a m'makomboni, za kudzikuza kwa ophunzira pang'ono. Amene anakulira pamudzi wa Cicewa adziwa kuti mcitidwe umenewu si wacilendo. Mai akakhala ndi cidandaulo pa mwamuna wake kapena pa apongozi ake, amacitulutsira pamtondo, musi ukugunda, mudzi wonse ndi kumva, popanda womuimba mlandu. Nayonso nyimbo ya Gule imadzudzula waulesi, wakuba ndi wacigololo, anthu akuseka, mwini wake mtima ukumuluma. A Nkhata anatenga udindo wakale umenewu nauika pa wailesi, pamene mudzi unali utakula kufika pa maiko atatu. Tikamvetsera lero timaona kuti mkwapulo wao unali kugwera kawirikawiri pa akazi a m'tauni kusiyana ndi pa amuna amene anali kuwasokoneza. Umo ndi mmene amuna a nthawi imeneyo anali kuonera zinthu, ndipo amai athu akadapatsidwa maikolofoni akadaiimba mwina nkhaniyo.

Analiponso ena amene anadandaula kuti gitala inacepetsa nyimbo za makolo, kuti nyimbo imene pamudzi imatha usiku wonse ndi ng'oma zisanu siingalowe m'mphindi zitatu osataya kanthu. Mau amenewa ali ndi coonadi cake. Koma tiyenera kufunsa cimene ana a m'migodi akadamvera a Nkhata akadapanda kutero. Masitolo anali odzala ndi mbale za nyimbo za ku America, za ku South Africa ndi za ku Congo. Mwana wobadwira ku Nkana, amene sanaonepo bwalo la kwao, anayamba kumva nyimbo ya agogo ake kupyolera m'gitala imeneyo, ndipo anaona kuti si cinthu cocititsa manyazi.

MASIKU A CITAGANYA

Zaka zobvuta pa nchito yao zinali za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinakhazikitsidwa m'caka ca 1953 anthu akuda ndi mafumu ao akukana. Wailesi inali ya boma, ndipo oulutsa mau acikuda anali kuwerenga nkhani zimene boma lawapatsa, kuphatikizapo zoyamikira Citaganya. Anthu anayamba kuwakayikira. Inali nthawi imene mphekesera za anthu ogwira anzao usiku ndi kuwapopa magazi, amene Abemba amawacha banyama, zinafala m'matauni, ndipo anchito a pa wailesi analowetsedwamo, ena mpaka kuopsezedwa. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wailesiyo pamodzi ndi a Nkhata, anafotokoza za masiku amenewo m'buku lake lochedwa Wayaleshi, la m'caka ca 1959. Kucokera mu 1958 wailesi inalowa m'manja mwa bungwe la Citaganya lolamulidwa kucokera ku Salisbury, ndipo mpata wolankhula momasuka unacepa ndithu.

Munthu wokhala pakati potere, boma likumuyang'ana uku, abale ake akumuyang'ana uku, akadatha kungotaya nchito kapena kungosanduka mlomo wa Azungu. A Nkhata anasunga cikhulupiriro ca anthu cifukwa ca nyimbo, pakuti m'nyimbomo anthu anali kumva kuti munthuyu ndi wao. Pamene ndale za ufulu zinafika pacimake, liu lao linamveka kumbali ya cipani ca UNIP ca a Kenneth Kaunda, ndipo nyimbo zao zinathandiza kufalitsa uthenga wa kudzilamulira. Citaganya cinatha pa mapeto a 1963, ndipo Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964.

Dziko litamasuka, a Nkhata anakwezedwa nakhala mmodzi wa akuluakulu oyendetsa wailesi ya dziko, ndiponso anatsogolera nthambi ya boma yoona za miyambo. Mwambo umene iwo ndi anzao anaukhazika, wakuti wailesi ilankhule ndi munthu wamba m'cinenero cake ndi mwa luso la kwao, ndiwo unatsegulira njira anthu ngati malemu Julius Chongo, amene nthano zake za Poceza m'Madzulo zinali kukhazika cete mabanja a kuno kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Mu 1974 a Nkhata anapuma pa nchito napita kukalima ku pulazi lao ku Mkushi. Pambuyo pace a Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia, cinthu cimene sicikadatheka pakadapanda anthu amene anayamba kale kudzaza nkhokwe.

KU MKUSHI

Cakudza siciimba ng'oma. M'zaka zimenezo Zambia inali kusunga omenyera ufulu a maiko oyandikana nafe, ndipo gulu la ZAPU la a Joshua Nkomo linali ndi misasa yake m'dziko muno. Pa 19 Okutobala 1978 asilikali a boma la Ian Smith analowa m'Zambia ndi ndeke za nkhondo. Anaponya mabomba pa msasa wa ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, pamene mkulu wao, wodzicha Green Leader, anali kulamula pa wailesi ya m'ndeke kuti ndeke za Zambia zisanyamuke. Tsiku lomwelo anaukira msasa wa ku Mkushi, umene munali atsikana ambiri a ku Zimbabwe ophunzira za usilikali, ndipo ocuruka anaphedwa. Pulazi la a Nkhata linali kufupi ndi msasawo. Iwonso anaphedwa pa ciwembu cimeneco, ali ndi zaka 56.

Munthu amene anapulumuka ku Burma anafera pakhomo pake, m'nkhondo ya dziko limene anthu ake anawaimbira kwa zaka zambiri, pakuti Ashona ndi Andebele nawonso anali omvera a wailesi ya Lusaka. Zimbabwe inamasuka patangopita caka ndi theka, mu Epulo 1980. Ndipo pamene malemu Kalonga Gawa Undi X anaukitsa mwambo wa Kulamba mu 1984, a Nkhata anali atagona kale zaka zisanu ndi cimodzi. Sitikayika kuti akadakhalapo akadafika pa Mkaika ndi makina ao.

Boma linawalemekeza pocha dzina lao mseu wa mu Lusaka umene umadutsa pa Mass Media Complex, likulu la wailesi ndi wailesi ya kanema ya ZNBC, ndi kulowera ku Kalingalinga. Anthu zikwizikwi amachula dzinalo tsiku ndi tsiku pouza kondakitala pamene atsikire, koma tikafunsa acinyamata a m'minibasimo kuti Alick Nkhata anali yani, ndi owerengeka amene angayankhe.

Nkhani imeneyi ikutikhudza ife eni mwambo. Gule Wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, ndipo timanyadira. Koma pambali pa Gule pali nyimbo zina zimene zilibe wozilengeza. Cigayo calanda mtondo nchito, ndipo nyimbo za pamtondo zikupita pamodzi ndi amai amene anali kuziimba. Oimba kalimba ndi bangwe atsala owerengeka. Nyimbo za Citelele ndi za Cimtali zikusintha caka ndi caka, zakale ndi kumaiwalika. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo sitipempha kuti zitulutsidwe pabwalo. Koma zimene zimaimbidwa poyera palibe cotiletsa kuzisunga. A Nkhata anafunikira galimoto lathunthu kuti ajambule nyimbo imodzi. Lero mdzukulu aliyense amene wabwera ku Kulamba ali ndi makina oposa amenewo m'thumba la malaya, ndipo nyumba za wailesi za kwathu konkuno, monga Breeze FM ku Chipata ndi Mphangwe kuno ku Katete, zimalankhula cinenero cathu tsiku ndi tsiku. Tipempha mafumu, manduna ndi aphunzitsi kuti pobwerera kwanu mukafunefune nkhalamba zodziwa nyimbo, mukazijambule zitabvomera, ndipo mukalembe dzina la woimba, mudzi wake, mfumu yake ndi nthawi imene nyimboyo imaimbidwa, pakuti nyimbo yopanda mbiri yake imasanduka ya aliyense.

Amene afuna kumva liu la a Nkhata angathe kulipeza. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa zina mwa nyimbo zao zakale nizitulutsanso pa cimbale cochedwa Shalapo, ndipo Kalindawalo ni Mfumu ilimo. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula, kuphatikizapo za Acewa a ku Malawi za m'zaka za m'ma 1950, zikusungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene iye anaiyambitsa mu 1954, ndipo tsopano ili pa Rhodes University mu mzinda wa Makhanda ku South Africa.